Dambo likauma silisanduka munda

Chilimwe chino ngalande zatsopano zangoti mbwee m'madambo. Mvula inasiya msanga, madzi anaphwa, anthu n'kumati pano si padambonso, n'kuyamba kukumba kuti madzi otsalawo atsikire kumtsinje. Ena alima mpaka pagombe penipeni, khasu likugumulira dothi m'madzi.

Abale anga, boma siliyang'ana ngati mapazi anu anyowa lero kapena ayi. Pangano la Ramsar loteteza madambo, lomwe mayiko anasainirana ku Iran mu 1971, limati malo ndi dambo kaya madzi amakhalapo chaka chonse kaya amabwera nyengo imodzi n'kuchoka. Woyendera wa boma akafika amakumba pang'ono n'kuona dothi lotuwa lija la timadontho tadzimbiri, amaona bango ndi gumbwa, n'kudziwa kuti pano ndi padambo, basi nkhani yatha. Chotsatira chikhoza kukhala chindapusa, ndipo akhoza kukulamulaninso kukwirira ngalandeyo ndi ndalama zanu zomwe. Ku America, kuyambira 1985, mlimi akaumitsa dambo kuti abzalepo mbewu amataya mwayi wolandira thandizo la boma la ulimi. Mlimi wamba amaona ngati lamulo lamulanda malo, ndipo sindimutsutsa kwenikweni, kachigawo kamene wasiyako ndi kachonde. Koma woyendera ngakhale asabwere, dambo limakulipitsani lokha.

Dambo limagwira madzi ngati chinkhupule, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mtsinje ukafuna kuphwa. Mukalidula ndi ngalande, madzi a mvula amathamanga onse tsiku limodzi, kukasefukira kwa anzanu a kumunsi, ndipo chilimwe chikafika madzi a pansi amakhala atatsika. Dothi lakuda mumalisiriralo ndi zomera zowola zomwe madzi ankasunga. Zikapitidwa mphepo zimatha, nthaka imatitimira, pakapita zaka zochepa mbewu zimayamba chikasu. Mumawonjeza feteleza, nayenso amatsatira ngalande yomweyo kukanenepetsa ndere ndi namasupuni mumtsinje. Kodi zimenezi tizibwereza chaka chilichonse?

Mkulu wina anandikalipira zedi. "Alangizi, bambo anga analima pomwepa mpaka kumwalira, palibe anawafunsa kalata." Ndinati, "Nanga bambo anuwo anakumbapo ngalande?" Anakhala chete, kenako n'kuti ayi, ankalima cha kumtundaku, pakati pankadya ng'ombe. Chitsime cha mkuluyo chauma chaka chino, ndipo mpaka pano akuti wolakwa ndi mnzawo wa kumtunda amene wagula pampu.

Zochita ndi izi, mwachidule. Musanakumbe ngalande, kutseka mtsinje kapena kuika pampu, pitani ku ofesi yoona za madzi mukafunse za chilolezo. Mukafunsenso mamita oyenera kusiya kuchokera pagombe, chifukwa muyezo wake umasiyana dziko ndi dziko. Pamalo osiyawo musatenthe udzu, ndipo pomwe pagumuka bzalanipo vetiva kapena nsungwi. Amene mwakumba kale, tsekani ngalandezo ndi dothi ndi zikhomo malo angapo mvula isanayambe.