Momwe mungajambulire pulani ya nyumba pa AutoCAD ndi mawu oyenera kuwadziwa

Pulogalamu ya AutoCAD, yomwe kampani ya Autodesk idatulutsa koyamba mu 1982, ndi yodziwika kwambiri kwa ojambula mapulani, ndipo mawu ake ambiri amapezekanso mu LibreCAD, yomwe ndi yaulere.

Musanakoke mzere uliwonse, lembani UNITS n'kusankha mamilimita, kuti khoma lotalika mamita anayi mulilembe 4000. Bwalo lalikulu lomwe mukujambulamo limatchedwa model space, ndipo mmenemu nyumba imajambulidwa pa kukula kwake kwenikweni. Apa ndi pomwe oyamba kumene amasokonezeka, chifukwa amachepetsa nyumbayo kuti ikwane pa pepala, mapeto ake miyeso yonse yomwe lamulo lolembera miyeso la DIM limalemba imakhala yabodza.

Kenako konzani ma layer, omwe ali ngati mapepala oonekera osanjikizana, kuti makoma, zitseko, mawindo, miyeso ndi mapaipi a madzi chilichonse chikhale pachokha. Ambiri amaona ngati kutero n'kutaya nthawi, koma tsiku lomwe pulambala adzafune pepala loonetsa mapaipi okha, mudzangozimitsa ma layer enawo.

Kokani mzere wakunja ndi LINE, ndipo mugwiritse ntchito OFFSET popanga mzere wamkati: 230 pa khoma lakunja la njerwa, 115 pa lamkati. Ngati nyumbayo idzamangidwa ndi mabuloko a simenti, yezani buloko lenilenilo, osangoganizira. Mizere yopitirira pamakona muidule ndi TRIM. Chitseko mujambule kamodzi n'kuchisunga ngati block kuti muzingochiika paliponse.

Pulani imaonetsa nyumba ngati mwaidula chopingasa n'kuyang'ana kuchokera pamwamba, elevation imaonetsa maonekedwe akunja, pomwe section imaonetsa nyumbayo itadulidwa kuchokera kudenga mpaka kumaziko. Kuno ku Zomba section siyofunika kuichitira chibwana. Mapuloti ambiri a m'munsi mwa phiri, monga a ku Mulunguzi, ndi otsetsereka, moti maziko omwe mbali yakumtunda akwiririka bwino angathe kutuluka pamtunda mbali yakumunsi, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumadya simenti yomwe mwini nyumba sadaiwerengere. Pemphani savaya akupatseni ma contour, mizere yoonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka, kuti muwaike pa site plan, yomwe ndi mapu a puloti yonse, musanasankhe pomwe pansi pa nyumba padzathere.

Rendering, yomwe imachitika pa mapulogalamu monga Blender kapena Lumion, imapaka nyumbayo utoto, kuwala ndi mithunzi. Imakopa mwini nyumba, koma mmisiri samanga poyang'ana chithunzi, choncho musaiyambe mapulani asanathe.

Sikelo imabwera pomaliza, mu layout, momwe mumakonzera pepala lokasindikiza. Sankhani pepala la A3 kapena A1, tsegulani viewport, yomwe ili ngati zenera loonera zimene mwajambula, ndipo muike 1:100, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa pepala ndi mita imodzi pa puloti. Ikani loko (lock) pa viewport imeneyo kuti sikelo isasunthe. Fayilo ya AutoCAD, yomwe imatchedwa DWG, isungeni nokha, ndipo kosindikiza mupite ndi PDF, mukawauzenso kuti asasankhe Fit to page chifukwa imasintha sikelo. Musanapereke mapepalawo ku khonsolo ya mzinda wa Zomba, ikani rula pa chitseko cha mamilimita 900 papepalapo, chomwe chiyenera kuonetsa mamilimita 9.