Mmene mungadziwire amene anali ndi mphamvu mu konsitichushoni ya Nyasaland ya 1961

Amene mukulemba histole, funso la Legco ndi Exco limagwetsa ambiri chifukwa mumangoti Amalawi anapeza mipando yambiri basi, nkhani yathera pompo. Ayi ndithu, chitani chonchi.

Yambani ndi kuwerenga mipando ya Legco, nyumba yopanga malamulo ija ya ku Zomba. Ku Lancaster House ku London mu 1960, Iain Macleod, nduna ya Britain yoona za maiko a atsamunda, akutsogolera zokambirana, anagwirizana mipando 28 yovotera, 20 ya lower roll ndi 8 ya upper roll komwe kuti uvote umafunika ndalama kapena sukulu yokwererapo, kuonjezera 5 ya mbali ya boma. Pa 15 Ogasiti 1961 MCP inasesa 20 yonseyo n'kutolanso 2 ya upper roll.

Mukatero pitani ku Exco, bungwe lothandiza bwanamkubwa kuyendetsa boma, apa ndiye musathamange. Mipando inali 10, theka maofisala a atsamunda theka osankhidwa, koma funso lenileni ndi lakuti kodi bwanamkubwa anali wokakamizidwa kumvera? Papepala ayi, Exco inkangolangiza, iye akafuna amatha kukana. Onaninso kuti unduna uti uli m'manja mwa ndani. Dr Banda anatenga zachilengedwe ndi maboma aang'ono, Kanyama Chiume maphunziro, koma chuma ndi zamalamulo zinatsala kwa azungu, Dunduzu Chisiza ndi Orton Chirwa anangoikidwa ngati ma parliamentary secretary, othandizira nduna, m'maunduna amenewo. Ndiye Legco ikhoza kukuwa tsiku lonse koma thumba lili kwina.

Musaiwale chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ambiri amachidumpha. Asilikali, misonkho ya m'malire ngakhale zipatala zinkayendetsedwa ku Salisbury (Harare wa lero), likulu la chitaganya, Legco inalibe chonena kwenikweni.

Kenako siyanitsani zapapepala ndi zomwe zinkachitika. Bwanamkubwa Glyn Jones sanali wopusa, ankadziwa kuti kukana munthu amene wapambana chonchi n'kuitana zipolowe za 1959 zija, moti mipando 5 ya osankhidwa yonse inapita kumbali ya MCP kuphatikizapo Colin Cameron, mzungu amene anapambana ngati woima payekha, ndipo zambiri zinkayenda mmene Kamuzu wafunira.

Pomaliza ikani konsitichushoni iyi pambali pa imene inatuluka ku Marlborough House ku London mu Novembala 1962. Kuyambira February 1963 Exco inasanduka kabineti, Banda ali nduna yayikulu, ndipo pa nkhani zambiri bwanamkubwa anayenera kutsata zomwe nduna zanena. Poyankha, sonyezani mphamvu iliyonse imene inachoka kwa bwanamkubwa ndi amene anailandira, kabineti kapena Legco.