Lipatseni Diso Nthawi Yozolowera Mdima

Ng'ombe zikaima pakhomo la khola lamdima dzuwa likuswa mtengo, alimi ambiri amafulumira kutola chikwapu poganiza kuti zachita liuma, pomwe nthawi zambiri zimakhala zisakuona chimene chili m'katimo. Diso la nyama iliyonse ya msana, kuphatikizapo munthu, silisintha msanga pochoka powala kulowa mumdima.

Kumbuyo kwa diso kuli kachiwalo kopyapyala kotchedwa retina, komwe kali ndi maselo a mitundu iwiri omva kuwala. Maselo otchedwa cone amagwira ntchito powala ndipo ndiwo amasiyanitsa mitundu, pamene a rod, omwe m'diso la munthu alipo oposa 90 miliyoni, ndiwo amaona kukachita mdima. M'maselo a rod muli mankhwala otchedwa rhodopsin, amene thupi limapanga pogwiritsa ntchito vitamini A, monga momwe katswiri wa sayansi wa ku America, George Wald, anasonyezera m'kafukufuku amene anamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1967. Kuwala kwamphamvu kumasungunula rhodopsin, ndipo kuti apangikenso mokwanira pamatenga nthawi. Komanso kukawala, kashiamu, mchere wina wopezeka m'thupi, amachepa m'selo, ndipo kuchepako kumachititsa seloyo kuchepetsa mphamvu yake yakumva kuwala kuti isathobwe. Ambiri amaganiza kuti ntchito yonseyi imagwiridwa ndi kamwana ka m'diso, koma kukula ndi kuchepa kwake kumangothandiza pang'ono chabe.

Mwa munthu, maselo a cone amazolowera mdima m'mphindi pafupifupi 10, koma a rod amafuna mphindi 30 kapena kuposerapo, ngakhale kuti kuzolowera kuwala kumachitika mofulumira kwambiri.

Choncho polowetsa ziweto m'khola lofolera kapena m'galimoto, tsegulani mazenera kapena yatsani nyali m'katimo kuti kusiyana kwa kunja ndi m'kati kuchepe, koma nyaliyo isaloze m'maso mwa ziwetozo. Ikaima ng'ombe yotsogola, idikireni pang'ono, chifukwa ikalowa yokha zinzake zimatsatira mosavuta. Nkhuku ndiye zimafuna chisamaliro chapadera, popeza maso ake ali ndi maselo ambiri a cone ndipo siziona bwino usiku. Musazimitse magetsi onse a m'khola mwadzidzidzi, koma muzichepetsa kuwala pang'onopang'ono kuti zipeze pogona zisanayambe kupanikizana m'ngodya.

Inunso mukamayendera ziweto usiku, pewani kuyang'ana foni kapena kuloza tochi yowala kumaso kwanu, chifukwa kuwala kwamphamvu kwa kanthawi kochepa kukhoza kubweza m'mbuyo kuzolowera kumene diso linatenga theka la ola kuti likupeze. Tochi yofiira ndi yabwino, popeza maselo a rod samva kwambiri kuwala kofiira. Ngati mwakhala mumdima kwa theka la ola koma simukuonabe pamene anzanu akuona, kayezetseni kuchipatala, chifukwa kusaona usiku ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za kuchepa kwa vitamini A m'thupi.