Momwe mungadulire mpanda wa mitengo ya beech womwe wakula mopitirira

Achimalawi ambiri omwe akukhala ku Britain, kaya ndi ku Manchester, Nottingham kapena Glasgow, amalowa m'nyumba n'kupeza mpanda wa mitengo womwe sunaduliridwe kwa zaka, utatseka dzuwa pawindo, nthambi zina zikukola anthu odutsa m'njira. Ngati masamba ake ndi osalala, amafiira nyengo yachisanu koma osayoyoka mpaka atsopano ataphukira cha mu April kapena May, umenewo ndi beech. Mtengowu ukaulekerera umakula zedi. Ku Meikleour, m'dera la Perthshire ku Scotland, kuli mpanda wa beech womwe unadzalidwa mu 1745, ndipo msinkhu wake ndi pafupifupi mamita 30.

Ubwino wa beech ndi wakuti umaphukira ngakhale mwaudula kufika pa nthambi zakale zokhwima, monga umachitira tiyi wa ku Thyolo akamudulira. Mitengo ina ya mipanda, monga leylandii, ukaidula kufika pamene palibe masamba ndiye kuti basi, imakhala zibonga. Choncho musaope kudula kwambiri. Choopsa ndi kudula pa nthawi yolakwika, kapena kufuna kumaliza zonse tsiku limodzi.

Musanagwire sowo, ngati nyumbayo ndi yalendi, funsani kaye eninyumba. Ngati mpandawo uli m'malire, kambiranani ndi aneba, chifukwa mwina ndi wa nonse awiri, ndiponso ukaduliridwa udzaoneka wamaliseche kwa miyezi ingapo.

Nthawi yabwino ndi February, mtengo ukadali mtulo, mphukira zisanatumphuke. Sankhani tsiku lopanda chisanu choundana. Musachedwe mpaka kulowa March, pakuti kuyambira March mpaka August mbalame zimakhala zikumanga zisa ndi kulera ana m'mipanda yotereyi, ndipo lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuwononga dala chisa chomwe mbalame ikuchigwiritsa ntchito. Ngakhale mu February momwemo, suzumirani m'kati musanayambe.

Zida ndi zochepa: sowo yaing'ono yodulira nthambi, chodulira cha zogwirira zitalizitali chomwe kumeneko amati loppers, magolovesi, magalasi oteteza maso, zikhomo ziwiri zazitali ndi chingwe. Makina ometera mpanda ndi a timphukira tating'ono, pa nthambi zonenepa kuposa chala amangotafuna. Chikwanje chisiyeni ndithu, ngakhale dzanja lanu linachizolowera. Chimang'amba nthambi, ndipo pong'ambikapo pamalowa madzi n'kuyamba kuola.

Yambani ndi pamwamba. Ganizirani msinkhu womwe mukufuna kuti mpandawo udzakhale, womwe mungamaufikire mutaimirira pansi kapena pa makwerero aafupi. Khomani zikhomo uku ndi uku, mumange chingwe masentimita 15 kutsika kuchokera pa msinkhu umenewo, ndipo mudule motsata chingwecho. Mpata umenewu ndi woti mphukira zatsopano zidzakwirire zitsa, apo ayi chaka chilichonse makina anu azidzagunda pa mtengo wouma. Nthambi zikuluzikulu muzidula mopendeketsa pang'ono kuti madzi amvula azitsetsereka. Ngati nthambi ndi yolemera, iduleni kaye patali kuti kulemerako kuchoke, kenako mubwerere kudzadula bwino pachingwe. Pabala musapakepo utoto kapena china chilichonse, mtengo umadzipoletsa wokha.

Tsopano m'mbali, pomwe ambiri amalakwitsa. Chaka choyamba dulani mbali imodzi yokha, kufika pafupi ndi thunthu ngati pakufunika kutero, mongosiya tizitsa tatifupi. Mbali inayo ingoimetani pang'ono monga mwa nthawi zonse. Masamba a mbali yotsalayo ndi omwe adzadyetse mtengo pomwe mbali yodulidwayo ikuchira. Mukadula zonse nthawi imodzi, mitengo yamphamvu idzapirira, koma yofooka ikhoza kufa, n'kusiya mipata yomwe imatenga zaka kuti itsekeke. Ine ndimalangiza kuyamba ndi mbali yomwe imaombedwa ndi dzuwa kwambiri, chifukwa imaphukira msanga ndipo imakulimbitsani mtima. Ngati mpandawo ndi wokalamba kwambiri, kapena mukuchotsa msinkhu woposa theka, gawani ntchitoyo zaka zitatu: pamwamba chaka chino, mbali imodzi chaka chamawa, inayo mkuja.

Podula m'mbali, pansi pakhale potakasuka kuposa pamwamba, kuti dzuwa lizifika mpaka ku nthambi zam'munsi. Mpanda wotambalala kumutu umadzichititsa mthunzi wokha, pansi n'kukhala mbee.

Mukamaliza, chotsani nthambi zouma zomwe zili m'kati, zulani udzu ndi ziyangoyango za ivy zomwe zazinga tsinde. Kumayambiriro kwa March thirani feteleza wa mitengo, ndipo muyale manyowa owolerana bwino kapena kompositi, wokhuthala masentimita 5 kapena kuposerapo, koma asakhudze thunthu. Beech mizu yake siipita pansi kwambiri, ndiye kukachita ng'amba chaka chimenecho muzithirira madzi ambiri kamodzi pa sabata. Zinyalala musatenthe pabwalo monga tichitira kwathu, utsi umayambanitsa ndi aneba. Ikani m'bini ya zinyalala zam'munda kapena mukazisiye ku malo a khonsolo. Nthambi zikuluzikulu ndi nkhuni zabwino kwambiri zikauma.

Mu April mpandawo udzaoneka ngati mwauwononga, ndipo mtima udzakupwetekani. Dikirani. Beech amachedwa kudzuka, koma pofika June tizitsa tija tidzakhala titatulutsa mphukira zanthete. Chaka chimenecho musazimete kwambiri, ingotsinani nsonga za zomwe zathamanga kuposa zinzake kuti zichite nthambi. February wotsatira, ngati mbali yoyambayo yadzaza bwino, dulani inayo. Ngati ikadali yopyapyala, ipatseni chaka china.

Mpanda ukabwerera m'chimake, muziumeta kamodzi pachaka, chakumapeto kwa August, mutaonetsetsa kuti mulibe chisa cha mbalame. Kumeta pa nthawi imeneyi ndi komwe kumachititsa kuti masamba ofiira aja akakamire m'nthambi chisanu chonse, pakhomo panu n'kukhalabe potchingika mpaka atsopano atatuluka.