Kudyetsa wodwala khansa amene chakudya chikumukana

Lamba ndi amene anandiuza zoona. Bambo anga atapezeka ndi khansa ya m'matumbo, tonse maso anali pa chotupacho, pa masiku olandira kemo (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa) ndi pa zotsatira za magazi. Tsiku lina ndikusonkhanitsa zovala zoti ndichape, ndinaona kuti pa lamba wawo pali mabowo awiri atsopano, obooledwa ndi msomali. Sanauze munthu aliyense. Titawakweza pa sikelo tinapeza makilogalamu 60, munthu amene miyezi isanu m'mbuyomo ankalemera 67. Ndikulembera inu amene mukuphikira wodwala khansa, chifukwa zambiri zimene zili pano ine ndinazidziwa mochedwa.

Yambani ndi sikelo ndi kope. Muzimuyeza wodwalayo kamodzi pa sabata, m'mawa asanadye, pa sikelo yomweyomweyo, atavala zopepuka, n'kulemba tsiku ndi kulemera kwake. Mu 2011 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana kuti wodwala khansa akataya makilogalamu oposa 5 pa 100 alionse m'miyezi isanu ndi umodzi, chimenecho ndi chizindikiro cha kunyentchera kumene madokotala amakutchula kuti cachexia. Kwa munthu wa makilogalamu 60 malirewo ndi makilogalamu 3 okha, ndipo maso a munthu amene amakhala naye tsiku ndi tsiku saona zimenezo. Komanso sikelo payokha imatha kunamiza. Miyendo kapena mimba zikatupa ndi madzi, nambala imaima pomwepo mnofu ukupita. Muziyang'ananso m'mbali mwa chipumi ngati mukulowa mkati, mafupa a paphewa ngati ayamba kuonekera, ndiponso ngati munthuyo akutha kudzuka pampando osagwira kanthu.

Kopelo muzipita nalo kuchipatala nthawi iliyonse. Kunena kuti "sakudya bwino" dokotala amamva kangapo pa tsiku. Koma mukati "wataya makilogalamu 4 m'miyezi iwiri, ndipo akudya theka la zimene ankadya," mwamupatsa poyambira. Pemphani kuonana ndi katswiri wa za kadyedwe ngati alipo. Nkhaniyi si yongofuna kuti munthu aoneke wonenepa. Mlingo wa kemo amauwerengera potengera msinkhu ndi kulemera kwa wodwalayo, ndipo thupi limene mnofu watha limavutika kupirira mankhwalawo, mabala a opaleshoni amachedwa kupola, matenda ena amalowa mosavuta, mpaka tsiku la kemo n'kumasunthidwa.

Chimene chinandipepuza mtima n'kumvetsa kuti kuonda kwa khansa kumachokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba, munthu sakudya mokwanira. Mbali yachiwiri, chotupacho chimasokoneza thupi lonse, moti limagumula mnofu wake ngakhale chakudya chikulowa. Yoyambayo tingathe kuikonza kukhitchini. Yachiwiriyo timangoichedwetsa, ndipo imagonja kwenikweni pokhapokha khansayo ikagonja ku mankhwala. Choncho mukamaphika ndi mtima wonse koma sikelo osakwera, si kuti mwalephera, ndipo si kuti wodwalayo akuchita dala.

Nanga munthu amafunika chakudya chochuluka bwanji? Bungwe la ku Ulaya la ESPEN, limene limalemba malangizo a kadyedwe ka odwala, limati pa tsiku wodwala khansa amafunika makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) 25 mpaka 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndi mapuloteni (zomanga thupi) oposa galamu imodzi pa kilogalamu, kufika 1.5 ngati n'kotheka. Kwa bambo anga zimenezi zinkatanthauza makalori 1,500 mpaka 1,800 ndi magalamu 60 mpaka 90 a mapuloteni. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni. Kapu ya mkaka ili ndi pafupifupi 8. Nyama kapena nsomba yophika yolemera magalamu 100 imapitirira 20. Nditawerengera zimene ankadya panthawiyo, tiyi ndi buledi pang'ono m'mawa, msuzi masana, sizinkafika ngakhale theka. Wodwala impso kapena shuga, nambalazi muzikambirane kaye ndi dokotala wake.

Ine kulakwa kwanga kunali pa mbale. Ndinkaganiza kuti chikondi ndi mbale yodzaza, ndiye ndinkawaikira chakudya chambiri n'kukhala pambali kuwerenga masupuni. Madzulo ena ndinati, "Ababa, tangomalizani kotsalako, chonde." Anaika supuni pansi n'kundiyang'ana. "Mwana wanga, ukandibweretsera mbale yotereyi ndimakhutira m'maso. Ndikaona nkhope yako, ndimachita mantha kuti ndikukhumudwitsanso." Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwapakulira pa mbale yaikulu. Ndinatenga kambale ka tiyi.

Chitani chimodzimodzi. Iwalani zodya katatu pa tsiku. Muzipereka kanthu kakang'ono maola awiri kapena atatu alionse, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, motsatira wotchi, osadikira njala chifukwa njalayo mwina sibwera. Onani nthawi imene munthuyo amakhalako bwino, ambiri ndi m'mawa, ndipo chakudya champhamvu kwambiri chiperekeni pamenepo. Akasiya, chotsani mbale osanena kanthu. Mubweranso nthawi ina.

Popeza masupuni achepa, supuni iliyonse inyamule katundu. Apa ndi pamene ndinakhalitsa kwambiri, ndipo ndi pamene panapindula. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120 koma siikulitsa chakudya m'mbale. Ndinkathira mafuta kapena majarini m'phala, mu mpunga, mu mbatata yopota ndi mu supu. Phala ndinkaphika ndi mkaka m'malo mwa madzi, n'kuswera dzira likuwira kuti lipse bwino, kenako supuni ya chiponde cha mtedza. Mu kapu ya mkaka wamadzi ndinkasungunulamo masupuni awiri a mkaka waufa. Peyala, yogati, tchizi, nyemba zopota zothira mafuta, zonsezi n'zofewa koma n'zolemera. Masiku amene kutafuna kunkawatopetsa ndinkapota nthochi, mkaka ndi chiponde, iwo n'kumamwa pang'onopang'ono ola lonse. Kuchipatala kulinso zakumwa zopangidwiratu za odwala otere, ndipo zimathandiza zikamamwedwa pakati pa zakudya, osati m'malo mwa chakudya. Madzi ndi tiyi muziwapereka pakati pa nthawi za chakudya, chifukwa kapu ya madzi musanadye imatseka malo onse. Ndiwo zamasamba ndi zipatso n'zabwino, koma munthu amene akudya masupuni asanu ayambe ndi dzira, masamba atsatire.

Nthawi zambiri "sindikufuna kudya" amakhala ndi chifukwa chimene chingachotsedwe, ndiye funsani modekha kuti chikuvuta n'chiyani kwenikweni. Ngati ndi mseru, mankhwala oletsa kusanza amwedwe pa nthawi imene dokotala ananena, osadikira kuti munthu ayambe kusanza. Fungo la chakudya chotentha limautsa mseru, choncho chisiyeni chizizire, tsegulani mawindo, ndipo wodwalayo asakhale pafupi ndi pophikira. Akatha kudya akhale tsonga kwa theka la ola kapena kupitirira. Pa masiku a mseru waukulu musamupatse chakudya chimene amachikonda kwambiri, chifukwa akachisanza angadane nacho mpaka kalekale.

Ngati nyama ikumveka ngati chitsulo m'kamwa, zimene kemo imachititsa kawirikawiri, yesani supuni yapulasitiki, ndipo sinthani n'kupita ku mazira, nkhuku, nsomba kapena nyemba. Zilonda za m'kamwa n'zimene zinatizunza kwambiri. Tsegulani pakamwa pa wodwalayo muone ndi tochi. Zoyera zomatira pa lilime ndi m'masaya nthawi zambiri ndi mafangasi, ndipo mankhwala ake alipo. Achukuche m'kamwa kangapo pa tsiku ndi kapu ya madzi ofunda yothira kamchere ndi kasoda kophikira pang'ono, atsuke mano ndi mswachi wofewa, apewe tsabola, mandimu, zotentha kwambiri ndi mankhwala otsukira m'kamwa okhala ndi mowa. Ngati ululu ndi umene ukumuletsa kudya, funsani kuti mankhwala oletsa ululu aziperekedwa nthawi yoti agwire ntchito chakudya chisanafike. Ndipo musaiwale chimbudzi. Morphine (mankhwala amphamvu oletsa ululu) komanso ena mwa mankhwala oletsa kusanza amadzimbitsa, ndipo munthu amene watha masiku anayi osachita chimbudzi sangalakelake chakudya. Amene akumwa morphine amayenera kupatsidwanso mankhwala ofewetsa m'mimba. Wotsegula m'mimba amwe ORS ndipo achipatala adziwe tsiku lomwelo.

Abale ndi abwenzi adzabwera ndi malangizo, onse mwachikondi. Lofala kwambiri ndi lakuti shuga amadyetsa khansa, ndiye wodwala asiye shuga, mkaka, nyama ndi zokhuthala zonse. N'zoona kuti maselo a khansa amagwiritsa ntchito shuga wambiri. Otto Warburg, wasayansi wa ku Germany, anaona zimenezi m'zaka za m'ma 1920. Koma ubongo ndi thupi lonse zimadaliranso shuga yemweyo, ndipo munthu akapanda kudya, chiwindi chimapanga shuga kuchokera ku mnofu wake womwe. Chotupa chimadyabe, amene amatha ndi munthuyo. Ife tinataya masabata atatu tikutsatira ndandanda ya zoletsedwa imene wina anatipatsa, ndipo m'masabata amenewo makilogalamu awiri anapita. Zitsamba ndi mapiritsi a mavitamini amphamvu, musapereke dokotala asanaone botolo lake. Ngakhale chipatso cha grapefruit chimasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwala ena a khansa.

Ukhondo wa chakudya ndi wofunika kwambiri masiku 7 mpaka 14 pambuyo pa kemo, pamene asilikali a m'thupi amakhala atatsika. Mazira, nyama ndi nsomba zipse mpaka mkati, mkaka ukhale wowiritsa kapena wa m'paketi, zipatso zitsukidwe ndi kusendedwa, ndipo chakudya chimene chakhala panja maola oposa awiri chisabwererenso kwa wodwala. Thupi likatentha kufika madigiri 38 panthawi ya kemo, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Chakudya chokha sichimanga mnofu ngati mnofuwo sukugwira ntchito. Bambo anga ankayenda mphindi khumi kawiri pa tsiku atagwira mkono wanga, ndipo masiku ofooka ankangodzuka ndi kukhala pampando kasanu. Akabwerako nthawi zambiri ankalola kakapu ka mkaka.

Pali nthawi imene khama la kukhitchini silikwanira. Ngati munthu watha pafupifupi sabata osadya kanthu, kapena kwa sabata imodzi kapena awiri akudya zongofika theka la zimene thupi likufuna, kapena akutsamwa ndi kutsokomola akamameza, uzani dokotala musadikire tsiku loikidwa. Pali mankhwala otsegula chilakolako cha chakudya, monga dexamethasone, amene amathandiza kwa masabata ochepa. Pali kachubu kodutsa m'mphuno kufika m'mimba, kapena kolowetsa pamimba penipeni, ndipo anthu ambiri a khansa ya kukhosi ndi m'kamwa amadutsa nako nyengo ya radiotherapy (chithandizo chopha khansa ndi cheza champhamvu), kenako n'kukachotsa. Wakhansa ya kummero nthawi zina amamuikira kachubu kotsegula njira kuti azitha kumeza. Matumbo akakhala kuti sakugwira ntchito, pali chakudya chodzera mu dilipi. Anthu amaopa kachubu poganiza kuti ndi chizindikiro cha mapeto, koma nthawi zambiri ndi kamene kamathandiza munthu kumaliza mankhwala ake. Chenjezo limodzi lalikulu: munthu amene wakhala masiku ambiri osadya asadyetsedwe chakudya chambiri mwadzidzidzi. Mchere wa m'magazi monga phosphate ndi potaziyamu umatha kutsika kwambiri mpaka mtima kusokonezeka. Ayambe pang'ono, kuwonjezera tsiku ndi tsiku, achipatala akuyeza magazi.

Bambo anga anakwera kufika makilogalamu 63 ndipo anamaliza kemo yawo yoyamba osadumpha tsiku. Patapita chaka ndi theka khansa inabwerera, ndipo masabata otsiriza malangizo onse amene ndalemba pamwambawa anasiya kugwira ntchito. Namwino wina anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti thupi likamayandikira kupuma silimvanso njala ngati kale, ndipo kukakamiza chakudya kapena madzi ambiri panthawiyo kumangobweretsa kusanza, kutupa ndi kubanika. Ndinaika sikelo pansi pa bedi ndipo kope ndinalitseka. Ngati inunso mwafika pamenepa, funsani wodwalayo chimene akufuna, mupereke chomwecho, pa mlingo umene iye akufuna. Pakamwa pasaume: nyowetsani milomo ndi lilime ndi kansalu koyera koviika m'madzi ola lililonse, pakani mafuta pamilomo, donthezani madzi ndi kasupuni ngati akutha kumeza. Bambo anga ankapempha yogati wozizira. Ndinkawapatsa masupuni awiri, iwo n'kunena kuti "basi, mwana wanga," ndipo ine ndinkapukuta pakamwa pawo n'kukhala nawo pomwepo mpaka atagona.