Neba wanu ndi wobwera ndipo anthu ayamba kumuzunza, mupange bwanji?

Ku America kuli mtundu wa anthu otchedwa Hmong, ambiri mwa iwo makolo awo anachokera kumapiri a dziko la Laos. Nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam a CIA, bungwe la akazitape la America, anawalemba kuti azimenya mbali ya America motsogozedwa ndi General Vang Pao, nde 1975 achikomyunizimu atatenga boma ku Laos anthuwa anawona zakuda, anathawa kuwoloka mtsinje wa Mekong kulowa Thailand, nkukhala zaka mmakampu ngati Ban Vinai kenako nkumatengedwa pang'onopang'ono kupita ku America komwe lero ambiri ali ku Minnesota, Wisconsin ndi California. Ana ndi zidzukulu anabadwira komweko, koma Covid itafika 2020 anthu ambiri a nkhope ya ku Asia anayamba kutukwanidwa mmisewu kuti matendawa mwabweretsa ndinu, a Hmong nawo anapsera limodzi. Suni Lee, mtsikana wachi Hmong wa ku St. Paul amene anawina mendulo ya golide ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, anafotokoza yekha kuti patangopita miyezi yochepa ali ku Los Angeles anthu ena odutsa pagalimoto anamutukwana nkumupopera pepper spray, mankhwala oyabwa mmaso ngati tsabola. Munthu woti dziko lonse linamuwombera mmanja ameneyo. Nanga mayi wogulitsa mu kagolosale pa Lizulu kapena pa Chimbiya amene Chichewa chake nchoduka-duka, iyeyo amuteteza ndani?

Yankho ndi inuyo aneba. Apolisi amafika zinthu zitaonongeka kale, a mabungwe ali ku Lilongwe, amene amamva mwala woyamba ukugwa padenga ndi wa nyumba yoyandikana.

Kuno ku Dedza ndi Ntcheu alendo tili nawo amitundumitundu. A ku Mozambique nde sitiwerenga nkomwe poti pa Lizulu ukangowoloka M1 uli ku Angonia, ena takwatirana nawo, chimanga ndi mbatata timagulana. Akuluakulu akukumbukira nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi Frelimo pomwe Malawi inasunga othawa opitilira miliyoni imodzi mpaka mtendere unabwera 1992, midzi yambiri kuno inagawana nawo malo ndi zitsime. Palinso awa timangowatchula kuti Maburundi olo munthuyo ali wa ku Rwanda kapena ku DRC, pali achi China ndi amwenye a mashopu, pali a ku Ethiopia ongodutsa akulowera ku Joni. Ndipo paja Angoni athu a kwa Gomani ndi kwa Kachindamoto nawonso anachita kubwera kuchokera kummwera, nde nkhani ya "wobwera" tiziyitenga mwaulemu pang'ono.

Ntchito yaikulu imachitika mavuto asanayambe. Dziwani dzina la neba wanuyo, dzina lake lenileni, musiye zomuitana kuti "iwe Mburundi" ndipo ana anu akamuitana choncho awongoleni pomwepo, anene kuti bambo a uje, mayi a uje, ankolo, monga amachitira kwa wamkulu aliyense. Sinthanani manambala a foni ndipo muwawuze mosabisa kuti olo pakati pausiku afulashe mudzuka. Muzioneka nawo poyera, kukhala pakhonde pawo, kuyendera limodzi kumsika kapena ku tchalitchi kaya kumzikiti. Anyamata ovuta amayamba afufuza kuti munthuyu ali ndi ake kapena ayi, akaona kuti pakhomo paja pamakhala a Phiri a pa chigayo ndi amayi a chigwirizano amaganiza kawiri.

Koma chomwe ine ndimaona kuti chimapulumutsa kwambiri ndi kuwauza malamulo athu osalembedwa, chifukwa ambiri amalakwira mudzi asakudziwa. Maliro akachitika pafupi auzeni msanga, atseke shopu olo maola ochepa, apite akakhale pansi ndi anzawo, aponye kangachepe mmbale ya chipepeso ndipo dzina lawo lilembedwe, amayi apite ndi kaufa kapena nkhuni kusiwa. Munthu wosapita pamaliro kuno amakhala yekha tsiku la tsoka, inu mukudziwa, koma munthu wochokera ku Bujumbura angadziwe bwanji ngati simunamuuze? Chimodzimodzi za Gule Wamkulu ku Dedza kuno, auzeni kuti akakumana ndi gule panjira apatuke, asaloze chala, asatulutse foni kuyamba kujambula popanda chilolezo, komanso kumanda ndi kudambwe sikongolowa ngati ukufuna nkhuni. Apelekezeni kwa amfumu akadziwike, mfumu imene inalandira munthu ndi manja awiri imachita manyazi kumusiya akuzunzidwa. Pa chitukuko cha mmudzi, kuumba njerwa za sukulu, kukonza mjigo, aitaneni asamangomva kuti anthu akuwanena kuti amakana ntchito pomwe palibe anawauza tsiku.

Kuzunza sikuyamba ndi moto. Kumayamba ndi ngongole yapa shopu imene munthu akukana kubweza nkumati ukalimbikira ndikakunenera ku immigration. Ana kugenda malata madzulo akulu nkumaseka. Landilodi kukweza lendi pakati pa mwezi poti akudziwa kuti munthuyo alibe kokadandaula. Anyamata kubwera ndi kajakete kowala nkumati ndife aboma tipatseni ya fanta, sabata yamawa abweranso. Mwana kusukulu kumusinjilira mayankhulidwe mpaka kuyamba kujomba. Zonsezi neba wanu sangakuuzeni yekha, ambiri anaphunzira kungokhala chete kuti zisakule, nde muzifunsa, "amayi, anyamata aja dzulo amafuna chani?" ndipo akayankha kuti palibe musakakamize, mufunsenso tsiku lina.

Choopsa kuposa zonse ndi mphekesera. Mukangomva kuti akuti shopu ija ili ndi chitaka, akuti amaba ana, akuti ndi amene akumanga mvula, dziwani kuti nthawi yochitapo kanthu ndi yomweyo. Tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe mmene anthu anaphedwera popanda umboni uliwonse, kungokhala nkhope yachilendo mmudzi kapena kunyamula chikwama kunali kokwanira, mpaka a UN anachotsako antchito awo. Nde voisi noti ikalowa mu gulupu ya WhatsApp ya mmudzi kapena ya mpingo musatumize kwina, funsani pagulu pomwepo kuti waona ndi maso ake ndani, mwana wabedwayo ndi wa kwa yani, kupolisi zapita? Nthawi zambiri aliyense amangoti ndamva kwa uje. Muimbireni adimini achotse, kenako kauzeni amfumu ndi a community policing tsiku lomwelo, ndipo neba wanuyo muuzeni zomwe zikunenedwa, ndi zowawa kumva koma bola adziwe atseke msanga.

Tsopano mwapezerera zikuchitika, mwina pa depoti kapena mu minibasi munthu akumulalatira. Musayambe ndi kutukwana wolalatayo, mungothira petulo pamoto. Pitani kwa wozunzidwayo ngati munapangana, "aa achimwene ndimakufunani, tiyeni mundithandize katundu uko," mwamuchotsapo basi. Kapena khalani pambali pake muzicheza naye za mtengo wa feteleza ngati wolalata uja kulibe. Ngati ndinu mayi wachikulire muli ndi mphamvu imene anyamata alibe, mawu oti "iwe mwana wa a uje, amako akudziwa kuti ukupanga zimenezi?" amathetsa zambiri chifukwa kuno timadziwana, ndipo munthu akatchulidwa dzina pagulu mowa umatsika. Ngati simungathe nokha itanani wina mwachindunji, kondakitala, tcheyamani wa msika, wa kabaza amene mumamudziwa, osangokuwa kuti anthuni thandizani poti aliyense amayang'ana mnzake.

Gulu likakhala lalikulu ndipo miyala yayamba, apo musadzipange ngwazi, anthu okwiya samva ndipo inunso angakuphatikizeni. Imbani kupolisi, nambala ya wapolisi wa pa yuniti yapafupi muzikhala nayo kale mufoni osati kuyamba kufunsa nthawi imeneyo, wina athamangire amfumu kapena abusa, inu tsegulani khomo lakuseri mutenge ana kaye ndi amayi. Katundu abwere pambuyo. Ngati pali mpata mapepala awo, mankhwala ndi foni ndi zomwe muyambe kutulutsa, matumba a shuga asiyeni.

Za kujambula vidiyo. Jambulani ngati muli pamalo otetezeka, ioneke nkhope ya ochita chipongwe ndi malo, mulembe penapake tsiku ndi nthawi. Koma chonde musathamangire kuponya pa Facebook kuti mupeze ma like. Vidiyoyo mpatseni mwini wake asankhe yekha chochita nayo, chifukwa nkhope yake ikazungulira dziko lonse amene avutike ndi iyeyo, ndipo ena anathawa kwawo akusakidwa ndi anthu amene nawonso ali pa Facebook pomwepo.

Apa nde pofunika kumvetsetsa, musakanene kupolisi mmalo mwa munthu musanamufunse. Malamulo athu amati othawa kwawo azikhala ku kampu ya Dzaleka ku Dowa, imene inatsegulidwa 1994 kuti izisunga anthu pafupifupi 10,000 koma pano muli opitilira 50,000, ndipo mu 2023 boma linalamula kuti onse okhala kunja abwerere kukampu, apolisi ndi asilikali nkuyamba kuwagwira mmatauni, ena anayamba asungidwa kundende ya Maula. Nde neba wanu akamaopa yunifolomu ali ndi chifukwa, olo amene ali ndi mapepala abwinobwino a bizinesi kapena anakwatira kuno mantha amenewo ali nawo. Inu si a immigration, musamufunse za mapepala, akafuna akuuzani yekha, ndipo akakuuzani zisatuluke pakamwa panu olo kwa anzanu a pa mjigo aja kkk. Mbali inayi musanamize apolisi kapena kusainira zinthu zabodza poti mukuthandiza, mudzalowa nazo mmavuto nonse awiri. Chomwe mungamuuze ndi chakuti kumenya munthu, kumuwotchera nyumba kapena kumulanda katundu ndi mlandu posatengera kuti wovulalayo ndi wa dziko liti, ndipo gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo kapena komwe anachokera.

Akavomera kukadandaula mupite naye. Kupolisi kuli Victim Support Unit, ngati wavulala atenge kalata ya kupolisi apite nayo kuchipatala adokotala alembe mabala akadali atsopano, ndipo inu mukhale womasulira komanso mboni, osati mboni yapakhonde yomwe tsiku la khoti imati ndapita kumunda. Lembani dzina la amene walandira dandaulo ndi tsiku. Munthu wina aliyense akabwera pakhomo kuti ndi waboma akufuna ndalama, funsani ID mwaulemu ndipo munene kuti tiyeni tonse ku ofesi tikalipire komweko atipatse lisiti, wabodza amasowa pomwepo. Zikakanika pafupi kuli a Malawi Human Rights Commission, ndipo amene analembetsedwa ngati othawa kwawo a UNHCR, nthambi ya UN yoona za othawa kwawo, amawadziwa. Akakana zokadandaula lemekezani, mutha kupitabe kwa amfumu kukanena za khalidwe la anyamatawo ngati vuto la mudzi osatchula kuti wakutumani ndi iye.

Wina anena kuti koma anthuwa akutilanda bizinesi, amagulitsa motchipa. Kambani zimenezo ku komiti ya msika kapena kukhonsolo, nkhani ya malayisensi ili ndi eni ake. Koma amene muli ndi mwana kapena mlongo ku Joni mukudziwa mmene munagonera mu 2008 ndi 2015 mafoni osagwira, anthu akutchedwa makwerekwere, mpaka boma kutumiza mabasi kukatenga anthu athu ku Durban. Mawu amene ankanenedwa kumeneko ndi omwewa, akutilanda ntchito, ndipo ambiri amene anapulumuka amasimba za neba wa komweko amene anawabisa mnyumba.

Zikatha musangoti zatha. Mmawa mwake pitani mukathandize kusesa magalasi ndi kukhoma chitseko, mugule sopo pa shopu pomwepo anthu akuona. Katundu wolandidwa akamazungulira motchipa mmudzi musagule olo botolo la mafuta ophikira, ndipo mwana wanu akabwera ndi chinthu chosadziwika komwe chachokera abweze yekha inu muli pambuyo. Ana awo ayende ndi anu popita kusukulu kwa masabata angapo, ndipo kaonaneni ndi ahedi kapena a komiti ya sukulu ngati kusinjilira kukupitilira mkalasi. Musakhale nokha pa ntchitoyi, pezani makomo atatu kapena anayi oyandikana mugawane, wina usiku wa lero wina wamawa, chifukwa mukakhala nokha mutopa komanso anthu ayamba kunena kuti akukudyetsani. Akasankha kusamuka musawaletse, athandizeni kupeza galimoto yodalirika, musungireni katundu amene sangathe kunyamula mutalemberana pa pepala pamaso pa amfumu, ndipo amene ali ndi ngongole kushopu kuja muwakumbutse mmodzimmodzi abweze munthuyo asananyamuke.