Momwe mungasamalire umboni wogwirika mpaka ukafike kukhoti

Mu 1910, Edmond Locard adatsegula labotale ya apolisi mumzinda wa Lyon ku France, ndipo chiphunzitso chake chikugwirabe ntchito mpaka lero: munthu akakhudza chinthu amasiyapo kena kake, nayenso amatengapo kena. Tsitsi, ulusi wa malaya, dothi la kunsi kwa nsapato. Koma lamuloli silisankha. Limagwira chigawenga, limagwiranso inu amene mwathamangira kudzathandiza.

Poyamba penipeni, ngati pali wovulala, mupulumutseni. Moyo umaposa umboni. Ingokumbukirani chilichonse chimene mwasuntha ndipo mukachinene. Mukatero tchingani malowo ndi tepi kapena chingwe, motakata kuposa momwe mukuganizira, chifukwa kuchepetsa malo n'kosavuta koma mapazi opondedwa sabwerera. Pakhale njira imodzi yolowera ndi kutulukira, ndipo wina azilemba dzina ndi nthawi ya aliyense wolowa, ngakhale akhale bwana. Osasuta fodya, osadya, osalowa kuchimbudzi cha pamalopo. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi wachibale amene, mwa chikondi, amakolopa magazi apolisi asanafike.

Chachiwiri, jambulani musanakhudze kanthu: chithunzi cha patali, cha pakatikati, kenako cha pafupi mutaika rula pambali kuti kukula kwa chinthucho kudziwike.

Tsopano kutola. Valani magolovesi ndipo muzisintha mukachoka pa chinthu china kupita pa china. Tsekani kukamwa, pakuti timalovu touluka poyankhula tili ndi DNA yanu, chizindikiro cha m'thupi chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake. Mwina mukuti ndikukokomeza. Apolisi a ku Germany adatha zaka akusaka mayi wina amene DNA yake inkapezeka pa milandu pafupifupi 40, kuphatikizapo kuphedwa kwa wapolisi wamkazi ku Heilbronn mu 2007. Mu 2009 zidadziwika kuti DNA ija inali ya mayi wogwira ntchito kufakitale yopanga timitengo tathonje tomwe ankatolera umboni. Chigawenga chimene ankachisakacho kunalibe.

Mfuti musainyamule polowetsa cholembera mumpope. Mizere ya m'kati mwa mpopemo ndi imene imasiya zizindikiro pa chipolopolo, ndipo mukaikanda mwasokoneza kufananitsa. Botolo kapena mpeni gwirani pamalo pomwe munthu sangagwirepo nthawi zambiri, kuti zidindo za zala zisafufutike.

Polongedza ndi pomwe ambiri amagwa. Chovala chonyowa ndi magazi chiume kaye pamthunzi, kutali ndi dzuwa kapena moto, kenako chilowe m'thumba la pepala. Mukachiika m'jumbo chimachita thukuta, chimagwira chuku, ndipo tizilombo timawononga DNA. Chinthu chilichonse chikhale ndi thumba lake. Zovala za wodandaula ndi za woganiziridwa zisakhudzane, zisayanikidwe ngakhale pa tebulo limodzi, apo ayi ulusi wa uyu upezeka pa uyo. Zotsalira za moto woyatsidwa dala zimafuna zosiyana: chitini chatsopano chotseka kwambiri, chifukwa petulo ndi palafini zimauluka. Foni ichotseni pa netiweki kuti wina asafufute mauthenga ali kutali, ndipo musayambe kuiwerenga nokha.

Pomaliza, matani thumbalo ndi tepi, musaine modutsa pomwe tepi yakumana ndi pepala, kuti wina akatsegula ziwoneke. Lembani nambala ya mlandu, chimene chili m'katimo, malo, tsiku, nthawi ndi dzina lanu. Nthawi iliyonse thumba likachoka m'manja mwa wina kupita kwa wina, onse awiri asaine m'buku. Kukhoti loya wa woimbidwa mlandu adzanyamula thumbalo n'kufunsa amene anali nalo Lachiwiri usiku. Pakasowa dzina pa tsiku limenelo, woweruza angathe kukana umboniwo, ngakhale magazi ali pampeniwo akhale enieni.